Zala Zinayi pa Phanga la Abuluzi

Tsiku limene alendo a boma a ku província, likulu la chigawo, ankabwera kudzaona Phanga la Abuluzi, kuseri kwa Chidzolomondo, a Afonso Zalazinayi analawirira ndi ndowa ya njereza, napaka miyala ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mitengo, mpaka chulu. Awatu ndi munthu: anayamba ndi dengu limodzi la kachewere pamsika wa Tsangano, lero ali ndi malole atatu, lililonse lojambulidwa pachitseko dzanja lawo la zala zinayi, poti chachisanu chinapita ndi lamba wa chigayo. Dzulo lake anali atalumbira pamsika wa Furancungo kuti alendowo akabwerera kwawo akutchula dzina lawo. Chotsala chinali phanga lenilenilo, koma pakhomo pa mpanda anapeza mlamu wawo Leonor, mlonda wa malowo, atagwira pepala la boma lokutira m'pulasitiki.

"Alamu, tsegulani. Dzuwa likukwera."

"Mwadzuka bwanji, alamu? Inu lowani, ndowayo itsale kunja."

"Mwini ulendo ndi ndowayi. Ine ndangoiperekeza."

"Pepala likunena zitatu," anatero Leonor akulondola ndi chala. "Osakhudza. Osawonjezera. Osachotsa."

"Eya, pa zitatuzo ine palibe changa. Ine ndabwera kudzatsitsimutsa."

Leonor anatembenuza pepala, nayang'ananso kuseri. "Kutsitsimutsa palibe."

"Ndiye kuti n'kololedwa!"

"Ndiye kuti palibe."

A Afonso analowa cham'mbali, mimba patsogolo, ndowa pambuyo. Atakweza maso pa zojambula za pathanthwe anagwira pakamwa.

"Epa! Abuluzi amene akutchuka pawailesi ndi amenewa? Mbuu ngati mwana wosadzola mwezi wa Juni! Património yake, chuma cha makolo chija, imeneyi?"

"Anajambula ndi makolo."

"Makolo anajambula ndi zoyera, eti? Inenso ndabwera ndi zoyera. Tasiyana pati?"

"Iwo anamwalira."

"Ndiye ndiyambe ndafa kuti ndipake?"

Leonor anaganiza kaye. "Mukafa mubwere, tikafunse ku província."

"Ha! Vuto lanu alamu n'kusayenda. Mwendo uwu wapondapo ku Beira, ku Nampula, ku Joni. Popita ku chilumba cha Ilha ndinawoloka mlatho wautali moti ndinagona, n'kudzuka, tikadali pamwamba pa madzi. Kulikonseko, mlendo wamkulu akamabwera, chilichonse chosayenda chimapakidwa. Ndi mudzi wanji umalandira alendo ndi mwala wosasamba?"

"N'chifukwa chake mbuzi ya a Benedita yayera mbali imodzi?"

"Inaima nthawi yaitali."

"Ku Joniko kuli abuluzi athuwa?"

"Kulibe."

"Ndiye simunawaone akupakidwa."

A Afonso anatula ndowa pansi, napukuta thukuta ndi mpango. Munthu amene anatsitsapo mtengo wa matayala kwa amwenye a ku Beira sangagonje kwa pepala la m'pulasitiki. Anatsitsa mawu, monga amachitira pa malonda.

"Chabwino, tigawane. Abuluzi onse ndi anu. Ine mundipatse mmodzi."

"Onse ndi owerengedwa."

"Mchira wokha."

"Mchira ndi wa buluzi."

"Buluzi amaduka mchira koma osafa!"

"Wa kutchire. Uyu ndi wa boma."

"Nanga uyu wa pakonayu? Taonani, miyendo itatu! Alendo akanena kuti kwathu kuno ku Macanga kulibe ngakhale buluzi mmodzi wathunthu. Ndingomuikira mwendo, pronto, ndizipita."

"Inu muli ndi zala zinayi, koma akazi anu, achemwali anga a Celeste, sanakuwonjezereni."

"Achemwali anuwo ndikawauza kuti mwandichititsa manyazi."

"Mukawapatse moni. Mundiuzire kuti lichero lawo ndibweza Lamlungu."

Apa a Afonso anaona kuti njereza yayamba kudikha pansi pa ndowa. Anatambasula dzanja kuti atole kamtengo kotakasira.

"Iii, alamu, kasiyeni! Kali m'kati mwa mpanda."

"Kamtengo kouma aka?"

"Osachotsa."

"Kagwa dzulo!"

"Pepala silinanene tsiku."

"Ndiye khalani ndi kamtengo kanu!" anatero a Afonso akupinda malaya. "Ine chuma changa ndinachipeza ndi dzanja ili, njerezanso nditakasa ndi dzanja lomweli. Kapena nalonso ndi la boma?"

"Limenelo ndi lanu."

Anaviika dzanja m'ndowa mpaka m'chigongono, vundu vundu, nadzuka mwachimuna, chopakira cha khonje chili kudzanja linalo. Koma pansi pa phangalo mbira zimasiya timibulu tawo, ndipo nsapato ya ku Joni sidziwa zimenezo. Phazi linaterereka, chopakira chinauluka, a Afonso n'kudzigwira pathanthwe kuti phwa!



Atachotsa dzanja, m'munsi mwenimweni mwa buluzi wa miyendo itatu munali chizindikiro chimene mwana aliyense kuyambira Tsangano mpaka Furancungo amachidziwa: chikhatho choyera mbee, zala zinayi.

"Mayo ine," ananong'ona a Afonso. "Alamu, madzi. Thamangani."

"Muli ndi ludzu?"

"Otsukira!"

"Osachotsa."

"Izi si za makolo! Mwandiona ndi maso anu!"

"Zili pathanthwe."

"Ndi ngozi!"

"Ngozi palibe papepala. Mwakhudza, kulakwa kumodzi. Mwawonjezera, kuwiri. Mukachotsa mukhala mwamaliza pepala lonse inu nokha, chinthu chimene sichinachitikepo chitsegulire malo ano."

"Mpango uwu, kamodzi kokha, fyuu!"

Leonor anaima pakati pa iwo ndi thanthwe, pepala pachifuwa. "Ine anandilemba ntchito yoteteza chilichonse chili pamwalapa."

"Mukuteteza dzanja langa kwa ine mwini?"

"Makamaka kwa inu."

A Afonso anazungulira uku, Leonor n'kuzungulira komweko. Anazungulira uko, anamupezanso. Kenaka nkhope yawo inawala, poti mutu umene unagula malole atatu susowa njira.

"Chabwino, sitichotsa. Ndingoikapo chala chachisanu. Likhala dzanja la munthu aliyense."

"Osawonjezera."

"Kachala kamodzi!"

"Buluzi ndinam'kaniza mwendo. Aziti ndimakondera achibale."

"Ndiye alendo akafunsa muyankha chiyani?"

"Palibe. Aona okha. Lole lanu mwaliimika pamsewu, chitseko chaloza kuno."

A Afonso anatembenuka. Inde, pakati pa mitengo yopakidwa bwinoyo, dzanja la pachitseko linkawabayibitsa. Anaona zonse: wailesi ikutchula dzina lawo katatu patsiku, azimayi a pamsika wa Furancungo akuwombana m'manja, madalaivala a maminibasi a shapa akuwaimbira hutala. Analumbira kuti alendo akatchula dzina lawo, koma sanatanthauze chonchi.

"Tinene kuti ndi lakale," anachonderera. "Kholo lina la zala zinayi."

"Likudontha."

"Tidikire liume."

"Kalelo kunalibe zigayo."

Patali kunamveka kulira kwa galimoto, kenaka nthungululu za amayi a kwaya. Fumbi linatulukira pamwamba pa minda ya fodya. A Afonso anakankhira ndowa kuseri kwa chitsamba, navala jekete, nabisa dzanja loyeralo m'thumba. Anaima kutsogolo kwa chizindikirocho, msana utatsala pang'ono kukhudza mwala, miyendo tang'a, chifuwa panja, mapewa otambasuka ngati chitseko cha tchalitchi.

"Alamu, malo olandirira alendo ndi pakhomo paja."

"Ndili bwino pompano."

"Mwaphimba mchira wa buluzi. Alendo abwerera abuluzi onse, ndi michira yomwe."

"Aziona mbali inayo."

Zitseko za galimoto zinayamba kumenyeka kumsewu. Leonor anapinda pepala lake, nawagwira mkono wa jekete kuti awakoke.

A Afonso anayang'ana dzanja la mlamu wawoyo, nakweza chibwano.

"Werengani pepala lanu, alamu. Ndili m'kati mwa mpanda ine. Osakhudza, osachotsa."