Masipanala a malemu Muhiwa

Zaka zimene ndinasiya kuyendetsa lole ya pa esiteti, msana utayamba kale kudandaula, kunalibe zotsegula foni n'kuona bokosi lofiira la masipanala onyezimira ngati wandionetsali, Limbani. Bweza foniyo m'thumba, maso anga atopa. Nawe Esinati, tasiya kupukuta manjawo, girisi sachoka ndi nsanza youma, bwera ukhale pakhonde pano ndi abale akowa.

Masiku amenewo ndinali ndi mnzanga, a Muhiwa, amene anagula pikiapu yakale kwa kalaliki wina wa pa esiteti, yotsokomola ngati ine lero. Ankanyamulira nthochi ku Thekerani kupita nazo pa Boma, akazi awo a Filesi n'kumagulitsa, ndipo nyumba yonse inkadya chifukwa cha matayala anayi amenewo. Koma msewu wa ku Thekerani nthawi imeneyo unkadya galimoto, moti tikanati tizithamangira kwa amakanika, nthochi zonse zikanathera komweko. Ndiye tinapangana kuti tizikonza tokha.

Zitsulo sitinagule tsiku limodzi ayi. Tinkadikira galimoto iitanitse yokha. Ikavuta bawuti ya 13, tinkapita pa Boma kwa a Saidi, amene ankayala zitsulo zakale pachiguduli pafupi ndi msika, n'kutenga sipanala ya 13 yokhayo, basi. A Saidi ankati, "Tengani yakudayi, bambo. Yonyezimirayo ndi yapaukwati, ikakumana ndi bawuti yadzimbiri imayasamula." Ndipo sankanama. Jeke tinaichotsa pa lole yakufa ku Limbe n'kuithira oyilo watsopano, chokokera mabawuti ouma chinali chidutswa cha paipi ya madzi, ndipo bokosi tinakhoma tokha ndi matabwa a bulugamu. Zina ankagula iwo, zina ine, mpaka tinaiwala kuti ichi n'cha yani. Inu alero mukufuna zonse kamodzi, chonsecho theka la zimenezo simudzazigwira mpaka kukalamba.

Tsono chaka china mvula itangoyamba, kilachi inatha. Tinakweza galimoto pamiyala kuseri kwa nyumba yawo, n'kutsitsa giyabokosi, mabawuti n'kuwaika m'chitini kuti tidzamange mawa lake. Mawa lakelo a Muhiwa anadzuka akubuula mutu, ndipo sabata isanathe tinawaika m'manda.

Mwambo mukuudziwa. Maliro atatha, akuchimuna anakhala pansi kuti aone katundu wa m'bale wawo. Musaganize kuti anali anthu ankhanza, ana inu, ayi ndithu. Mkulu wawo wa malemu anaimirira n'kunena kuti, "Galimoto sitikhudza, ndi ya mayi ndi ana. Ife tingotenga tizitsulo iti, aliyense kamodzikamodzi, tizikumbukira m'bale wathu." Anthu anawomba m'manja kuti akuchimuna awa ndi achifundo, a Filesi mpaka kugwada kuthokoza. Koma ine ndinadzuka pamalo panga. Ndinasendera pafupi n'kunena chapansipansi kuti, "Akuluakulu, zitsulozi zimagwira ntchito zili pamodzi, ndipo galimotoyo ili pamiyala." Mphwawo wina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, inu ndinu ndani pano?" Ndinabwerera pamalo panga, paja mnzake wa malemu sakhala ndi pakamwa pabwalo la abale. Ndinaona masipanala akulowa m'matumba a majekete ndi m'zitenje, mpaka m'bokosi munatsala nsanza zokha.

Mwina mukuti bwanji osaitana amakanika. Ndi ndalama ziti, nthochi zitaima? Kubwereka nako, palibe wa pa Boma akanalola zitsulo zake kukagona kumudzi. Ndiye ndinatenga njinga n'kuyamba kutsata abale aja mmodzimmodzi, mapiri onsewa, matope mpaka m'maondo. Ku Goliati ndinapeza sipanala ya 17 atapiringidzira chitseko. Ku Thekerani jeke inkachirikiza nkhokwe yopendekeka, ndipo pulayala mayi wina ankaphulira mphika pamoto. Ena anabweza ndi mtima umodzi, ena anali atagulitsa kale, koma ena anandifunsa kuti, "Mukufuna tiiwale m'bale wathu?" Ndinkangotsazika n'kukankha njinga yanga.

Mvula nayo sinandidikire. Giyabokosi inamwa madzi pansi pa chiguduli, chitini cha mabawuti ana anachisandutsa choseweretsa, nkhuku n'kumaikira pampando wa dalaivala. Pamene zitsulo zinakwana zoti n'kugwirira ntchito, ndinayesa kupukusa injini, koma inali itauma gwa. Ndinalimbana nayo mpaka zikhatho kusupuka, kenako a Filesi anandipeza n'kuti, "Alamu, lekani, mwatopa. Mawa ndikukalembetsa kothyola tiyi."

Ntchito imeneyo anaisiya ali mtsikana, atalumbira kuti sadzabwererako. Koma ndinawaona ndi maso angawa, dengu kumsana, mvula ikuwakhuthukira pakati pa mizere ya tiyi, imvi zitayamba kale. Anathyola mpaka mawondo anakana. Pikiapu ija ogula zitsulo zakutha anabwera kudzaidula zidutswazidutswa, ndipo tsiku limenelo sindinapiteko. Zimandipwetekabe mpaka lero, chifukwa palibe anaba kanthu, aliyense ankati akuchita zabwino.

Bokosi ndatsamirali ndi lomwelo. Zimene ndinatolera zili umu, zina ndinawonjezera pang'onopang'ono monga kale. Limbani, ndalama yakoyo usathamange nayo. Yamba ndi jeke yabwino, sipanala ya mawilo, pulayala ndi sikuludiraiva, zinazo galimoto idzakuuza yokha. Ndipo usamalowe pansi pake itangokhala pa jeke, ika chipika.

Koma chimene ndakuitanirani nonsenu ndi ichi. Bokosi ili ndikupereka kwa Esinati, lonse, lero, ndikadapuma, pakuti ndiye amagona pansi pa kagalimoto kake ka hayala pamene enanu mumangoimba foni. Wofuna sipanala azikabwereka kwa iyeyo, n'kubweza dzuwa lisanalowe. Mwamva nonse, ndipo mawa pasadzapezeke wonena kuti agogo sananene. Limbani, usakwinye nkhope, gwira mbali inayo umuthandize mlongo wako, n'lolemera.

Tsiku mukadzakhala pansi kuti muone katundu wanga, mudzapeza jekete ndi nsapato. Nsapatozo mukafuna mudzagawane imodziimodzi.