Vuvuzela pa Mphindi ya Malemu

Pamzere wodikira basi yopita ku bwalo la mpira panali bambo wina wadazi, vuvuzela ili m'khosi. Tsikulo, masewera asanayambe, anthu amayenera kukhala chete kwa mphindi imodzi pokumbukira mwini timu, yemwe anali atangomwalira kumene. Kumwamba kunkada, ndipo mayi wa jezi yakutha amene anali kumbuyo kwake anamukodola.

"Achimwene, lipenga lanulo lipume pa mphindi ya malemu ija."

"Lipume? Ndiliimba mpaka alimve komwe aliko! Munthu wogulitsa sitiraika wathu kutatsala masiku awiri kuti timenye fainolo?"

"Koma chikho chinabwera."

"Amene anatibweretsera chikhocho ndi golokipa, mayi. Malemuwo yawo inali yolowerera pa hafu taimu n'kumasintha osewera, kochi ali kukamwa yasa. Makochi asanu ndi awiri pa zaka zitatu! Ine ngakhale masokosi sindisintha choncho."

"Za masokosizo mphuno zathu zamva kale. Nanga ndi mvula ikubwerayi, mukakhala mbali iti?"

"Mbali ya denga ija, pamalo panga pa masiku onse."

"Denga limenelo anakhoma ndani, si malemu omwewa? Kale dazi lanuli silinkanyowa ngati lichero loiwalika panja?"

Dontho loyamba linagwera padazi pomwepo. Bamboyo anapasisita, kenako anavula vuvuzela ija pang'onopang'ono.

"Ndisungireni, mlongo wanga. Mtima wakhululuka, koma mlomowu sindikuukhulupirira. Mphindiyo ikangotha, mundibwezere."

"Ikangotha ndiyamba ndine kuimba. Za sitiraika uja nanenso zimandiwawabe."