Piritsi la Mnzake wa Towela

Towela, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi wogulitsa zitenje ku Kamwala, anakwera maminibasi awiri kuchoka ku Kabwata mpaka ku Chelstone kuti akagule piritsi loletsa mimba la pangozi kumene palibe womudziwa. Loweruka anagona ndi Brian, koyamba m'moyo wake, popanda kondomu. Tsopano linali Lolemba, ndipo pakapitirira masiku atatu piritsilo limayamba ulesi. Koma tsoka sasimba: pakauntala ya kemisiti panaima amake Becky, mayi wa mnzake wapamtima, mlembi wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwawo. Mayiwo ndi ogulitsa mankhwala, ndipo mabwana awo anali atawasamutsira kukemisiti imeneyo sabata yomweyo.

Kothawira kunalibe, anali atamuona kale. Atafunsana za kunyumba mpaka za nkhuku zomwe, Towela ananong'ona dzina la piritsi.

"Si langa, ba anti. Ndi la mnzanga."

"Zinachitika liti?"

"Loweruka masana."

Mayiwo pantchito sachita chibwana. Anafunsa ngati mnzakeyo akumwa mankhwala ena, anafunsa tsiku limene anasamba komaliza, ndipo Towela anayankha zonse osaphethira, ndi madeti omwe. Anamuuzanso kuti mnzakeyo akafike kukiliniki lero lomwe, chifukwa piritsi limatchinga mimba yokha, za matenda silidziwa. Anaika kabokosi pakauntala, kenaka dzanja lawo linauma pomwepo.

"Iwe Towela, wakula ndikukuona. Ulibe mnzako wina. Kuyambira giredi wani ndi Becky yekha."

"Awe, ba anti, ndi wina. Ndi Muriel, wa ku Woodlands."

"Mwana wa ndani?"

"Wa... atate ake."

"Amapemphera kuti?"

Bodza lilibe mwendo. Muriel wobadwa mphindi yomweyo anafera pakauntala pomwepo asanapeze ndi tchalitchi chomwe. Amake Becky anavula magalasi, nakumbukira mokweza kuti Loweruka masana Becky anatsanzika kuti akupita kukwaya. Becky wosauka analidi kukwaya, akuimba alito ndi mtima woyera. Mayi ake anatulutsa foni kuti amuimbire.

Towela anachita mantha enieni. Manyazi ake anali atatsala pang'ono kuwotcha nyumba ya mnzake, ndipo kabokosi kanali kadakali pansi pa chikhatho cha mayiwo.

"Ikani foni, ba anti. Ndi langa. Ndine."

"Mwana wabwino iwe," anatero mayiwo. "Kudzipaka matope chifukwa cha mnzako."

"Sindikudzipaka. Ndinali ndi Brian."

"Brian uti?"

"Woliza kiyibodi."

"Woliza kiyibodi kukwaya." Mayiwo anakhala pampando pang'onopang'ono. "Ndiye kwaya yake inali imeneyo."

Towela analumbira, anatchula nyumba ya Brian, anatchula mtundu wa makatani ake. Chilichonse chimene ananena chinangotsimikizira mayiwo kuti Becky sabisira mnzake kanthu, amabisira mayi ake okha. Ati iwe, mwana wamanyazi amene umalephera kuyang'ana dikoni m'maso, ungayambe bwanji? Kunja dzuwa linali likupendeka, ndipo pamzere panali pataima bambo wina wachifuwa amene chifuwacho chinaleka chokha kuti amve bwino.

Basi, zinamukwana Towela. Anasolola kabokosi, anang'amba, anatsegula botolo lake la madzi, nameza piritsi lija pamaso pa onse. Anatulutsanso lilime kuti aone.

"Manje mwakhulupirira?"

Amake Becky anamuyang'ana misozi ikulengeza. Anapukuta maso ndi kolala ya yunifomu, anatembenukira kushelefu, natenga kabokosi kena. Anamufumbatitsa ndi manja awiri.

"Chikondi chotere sindinachionepo, mwananga. Koma mankhwala samwerana. Ili thamanga nalo ukampatse Becky."