Nkhope ya Amayi Inatsalira pa Chitenje

Awulutsi, ndiwerengereniko nkhaniyi, mwina mtima ungapepuke. Ndine mtsikana wa ku Kanakantapa, ndimajambula zithunzi ndi penti.

Bungwe lina la ku Lusaka, lothandiza mwaulere ojambula ongoyamba kumene, linasankha chithunzi changa kuti chikaikidwe pa chionetsero chawo. Chinali cha malemu amayi anga akukonola chimanga. Tilibe chithunzi chawo china. Nkhopeyo ndinachita kuikumbukira.

M'mawa wa ulendowo ndinaona ngati maso awo sakuseka bwino, ndiye ndinawonjezerapo penti wamafuta, amene sauma msanga. Poopa fumbi la msewu wathu, ndinachikulunga m'chitenje cha amayi omwewo. Kondakitala anachimangirira pamwamba pa minibasi, n'kusanjikapo matumba a repu.

Mayi wokonza chionetserocho atamasula chitenje, anangogwira pakamwa. Nkhope yonse inali itamatirira kunsalu.

"Mwana wanga, nizakusungila malo chaka chamawa," anatero. "Ukajambulenso."

Ndayesayesa, koma nthawi zonse pakutuluka mayi wina wachilendo. Anzanga ojambula, penti asanaume musamakulunge. Chitenjecho sindinachichape mpaka lero, chifukwa amayi anga ali momwemo.