Achule a Kutsidya kwa Chilwa

Chaka chimene nkhondo inakula ku Mozambiki, mayi Elenala a kwa Mwambo ankasunga mlongo wawo Wilisoni, amene anaoloka nyanja ya Chilwa pa bwato la asodzi alibe chiphaso, alibe kadi ya chipani, alibe ngakhale nsapato. Ndiye m'mawa wina wa dzinja, ataona galimoto la nambala ya boma litaima kumapeto kwa minda ya mpunga, mwamuna wovala jombo akubwera wapansi ndi thumba paphewa, anamukankhira Wilisoni m'nkhokwe, iwo n'kukhala pakhonde ndi lichero ngati munthu amene chibadwire sanabisepo kanthu.

Mlendoyo anali Meshack, wothandizira aphunzitsi a za nyama ku koleji ya ku Zomba. Anali munthu woti ukamufunsa ngati ali ndi machesi amayankha kuti eya, n'kupitiriza ulendo wake. Anapereka moni mwaulemu, anapatsidwa mpando, ndipo sanazungulire.

"Ndabwera kudzafufuza za achule, mayi."

"Achule," anatero mayi Elenala, akupeta mpunga umene anali ataupeta kale.

"Achule, abuluzi ndi njoka, koma makamaka achule. Tikufuna kudziwa kuti kuno kuli mitundu ingati, ndiponso kuti mtundu uliwonse umakhala pati."

Pa mawu akuti mitundu, lichero linaima. Mayi Elenala anali atakhala nthawi yaitali padziko, ndipo ankadziwa kuti boma silingawotche petulo chifukwa cha chule. Anaona kuti "achule" ndi dzina latsopano la anthu obwera pamadzi.

"Kuno kulibe achule," anatero.

Kuseri kwa nyumba dambo lonse linali phokoso lokhalokha, moti polankhula ankachita kukweza mawu. Meshack anatchera khutu.

"Koma ndikuwamva."

"Amenewo ndi akonkuno. Anabadwira pompano, makolo awo anaikidwa pompano."

"Achule saikana maliro, mayi."

"Akuno amaikana."

Meshack anaganizira nkhaniyi kanthawi, n'kuisiya. Anayamba kufotokoza modekha kuti m'mbali mwa nyanja muno mitundu imachuluka chifukwa muli malo osiyanasiyana: ena amakonda m'bango, ena m'minda ya mpunga, ena m'zithaphwi za mvula, pamene afinye amakumba pansi n'kumangotuluka kukagwa mvula. Anati pamwamba pa phiri la Zomba pali ena amene satsikira kudambo, ndipo akudambo ambiri sakwera phiri. Anati ankafunitsitsa kudziwa ngati a pa chilumba cha Chisi ali ofanana ndi a kumtunda kuno, poti pakati pali madzi.

Mayi Elenala anavomereza zonse ndi mutu. Zoti akuphiri satsika ankazidziwa kale. Azakhali awo anakwatiwa kumeneko ndipo sanabwereko ngakhale pa maliro.

"Nanga ochokera kutsidya mumawadziwa bwanji?" anafunsa, maso ali mu lichero.

"Zimavuta. Pa maso amafanana kwambiri ndi akuno."

"Eetu. Ndi amodzi. Agogo athu ndi amodzi."

"N'kutheka ndithu. Nyanja ikaphwa amatha kuyenda pamatope kuchoka uku kupita uko. Malire sawadziwa."

"Malire anawapeza iwo alipo kale, bambo."

"Zoona zimenezo," anatero Meshack, wokondwa kuti wapeza munthu womvetsa. "Ndiye ife timawagwira ndi mawu. Mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake. Akangotsegula pakamwa, basi, tamudziwa."

Mayi Elenala anacheukira kunkhokwe. Wilisoni sankatha kumaliza chiganizo osaponyamo Chipwitikizi.

"Nanga akakhala chete?"

"Timadikira. Amuna satha kukhala chete nthawi yaitali, makamaka pakakhala akazi pafupi."

Apa mayiwo sanatsutse. Anafunsa kuti akagwidwa amapita nawo kuti. Meshack anasisita thumba lake n'kunena kuti amayamba alowa mmenemo, kenako ku Zomba.

"M'thumba limenelo?"

"Amakwana. Amadzipinda."

"Ku Zombako mumakawatani?"

"Timawayeza miyendo, timayang'ana zala, kenako timawaika m'botolo la mankhwala n'kumata dzina."

"Amabwerako?"

"Ayi, mayi. Olowa m'botolo sabwerako. Koma timawasunga bwino kwambiri, pa shelefu."

Mayi Elenala anaika lichero pansi. Anali atamvapo zambiri za anthu otengedwa pa galimoto, koma za botolo anali asanazimve. Chimene chinawaopsa kwambiri chinali chakuti mnyamatayu ankanena zonsezi ndi nkhope ya munthu wa mpingo.

"Inu muli ndi mayi anu?" anafunsa.

"Alipo, ku Domasi."

"Amadziwa ntchito imene mumagwira?"

"Amadziwa. Amangoti ndizisamba m'manja ndisanadye."

Kenako Meshack anaimirira n'kupempha kuti asuzumire pansi pa nkhokwe, poti malo ozizira ngati amenewo sakhala opanda kanthu. Mayi Elenala anafika pa nkhokwepo iye asanaponye phazi lachiwiri. Mayiwo anati pansi pake anasesapo dzulo. Iye anati kusesa sikuthamangitsa buluzi. Anati nkhokweyo ndi ya malemu amuna awo, mlendo saiyandikira. Iye anapepesa, n'kunena kuti angoyang'ana ali chapatali. Akukanganabe choncho, mungu wa mpunga unachita zake, ndipo m'nkhokwe munamveka kuyetsemula kwa munthu wamkulu.

Meshack anapendeketsa mutu.

"Kaliridwe kameneko sindikukadziwa."

"Ndi chule."

"Munati kulibe."

"Alipo mmodzi. Ndi wodwala. Sangayende ulendo wa ku Zomba."

"Chule sayetsemula, mayi."

"Inu munabadwa liti kuti mudziwe achule onse? Ameneyu ndamulera ndekha. Ndinkamubereka kumbuyo ali wamng'ono."

Meshack anawayang'ana kumsana mayiwo ngati akuyeza malo. Anafunsa kuti chuleyo ndi wamkulu bwanji. Mayi Elenala, poona kuti bodza lawathera, anaganiza zogwira mtima wa munthu. Anati ndi wamtali kuposa iwo, wofatsa, sakhudza za ndale, amathandiza kupalira mpunga, ndipo kwawo anachoka chifukwa nyumba yake inatenthedwa. Anati ngati boma likufuna wina woika m'botolo, litenge iwowo, poti zaka zawo zapita kale.

"Mayi," anatero Meshack mosamala, "botolo lathu lalikulu ndi ngati ndowa yaing'ono."

"Mundidula ndiye."

"Sindingathe. Inu simuli m'gulu la zimene ndatumidwa."

Asanayankhe, denga la nkhokwe linanyamuka. Wilisoni anatuluka ngati waponyedwa, tsitsi lili mankhusu okhaokha, akukuwa m'zilankhulo zitatu kuti muli njoka. Anagwera pabwalo n'kukhala pomwepo, manja m'mwamba. Meshack anataya mpando n'kuthamanga. Mayi Elenala anatseka maso.

Atatsegula, anaona jombo ziwiri zili m'mwamba pakamwa pa nkhokwe. Mlendoyo anali atamudumpha Wilisoni ngati chitsa. Anatuluka atagwira njoka yodera pakhosi, nkhope ikuwala, n'kuwauza kuti asaope, imeneyi ilibe ululu, imangodya mbewa, ndipo nkhokwe yokhala ndi yotereyi ndi yamwayi. Anaiika m'thumba mwaulemu, n'kumanga.

Mayi Elenala anayang'ana thumba, anayang'ana mlongo wawo amene manja anali akadali m'mwamba, n'kuyang'ananso thumba.

"Ndiye mumanena achule enieni?"

"Pali ena?"

Wilisoni, amene mantha anali atamumasula lilime, anayamba kudziulula yekha asanafunsidwe: mudzi wake, tsiku limene anathawa, ndi mwini bwato. Meshack anangomva zoti ndi wa kutsidya basi. Anakhala pansi pafupi naye n'kuyamba kumupanikiza ndi mafunso. Kodi kumapiri a kumeneko kuli ananzikambe ang'onoang'ono okhala m'masamba ouma? Kodi afulu a m'madzi amafika m'mitsinje yake? Kodi achule a m'bango a uko ali ndi mizere kapena madontho? Wilisoni anayankha zimene ankadziwa, zina n'kupeka, manja akutsika pang'onopang'ono.

Ali pakati pa kufunsa, Meshack anaima. Anayang'ana mapazi a Wilisoni, anayang'ana nkhokwe yopanda denga, ndipo mayi Elenala anaona nkhani yonse ikulowa m'mutu mwake mochedwa ngati ng'ombe yolowa m'khola. Iye, wantchito wa pa koleji, wobwera pa galimoto la boma, wakhala pabwalo masana akufunsa munthu wobisala za mapiri ndi mitsinje ya dziko la nkhondo. Anacheukira kumsewu, kumene dalaivala anali kugona m'galimoto, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, chonde. Wina akadzafunsa, musadzanene kuti ndinacheza ndi achimwenewa. Ndili ndi ana aang'ono."

Mayi Elenala anatola lichero lawo, anakhala bwinobwino, n'kuyambanso kupeta.

"Musadandaule, bambo. Ine lero sindinaone munthu pakhomo pano. Panangodutsa chule mmodzi wa ku Zomba."