Malovu a Woimba Lipenga

Pa siteji ya basi, woimba lipenga wina anakhala pabenchi atakumbatira chikwama cha lipenga lake, uku akumwetulira yekha. Mayi amene anakhala pambali pake analephera kupirira.

"Bambo, mwatola chiyani m'njiramu? Kusekerera nokha chonchi!"

"Ndatola mano anga kuchipatala, mayi. Miyezi itatu nkhama zakhala zikutuluka magazi. Ndikamaliza kuimba, pakamwa pa lipenga pamakhala pofiira. Bambo anga mano anawathera asanamere imvi, ndiye ndinangoti basi, ntchito yanga yatha. Lipenga saimba ndi nkhama zokha."

"Ndiye kuchipatalako akuzulani angati?"

"Ngakhale limodzi! Sabata yatha anandipatsa kabotolo, amvekere lavuliranimo. Akuti malovu amatha kuulula ngati matenda a nkhama afika poipa."

"Malovu enieniwa? Omwe timaletsa ana kulavula paliponsewa?"

"Omwewo. Koma mantha, mayi inu! Kukamwa kunauma gwa. Ine munthu wokhuthula malovu m'lipenga tsiku ndi tsiku, ndinalephera kutulutsa ngakhale dontho, mpaka namwino anati ganizirani ndimu."

"Nanga lero akuti bwanji?"

"Akuti kutupa kulipo ndithu, koma ataunikanso apeza kuti fupa logwira mano silinadyeke. Angonditsuka mano basi. Loweruka ndikaimba pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga."

Mayi aja anafunsa motsitsa mawu, dzanja lili pakamwa.

"Bambo, kuchipatalako khomo lake ndi liti? Nanenso nkhama zikundivuta. Basi ikubwerayi ingopita, ine ndikwera ina."