Ndinkaopa kubooledwa mutu ngati mwala

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikakweza mawu mundikhululukire, ndikuphunzirabe kudzimva ndekha.

Achikulirenu mukuikumbukira komboni ya kumgodi. Huta yoitana antchito ikalira m'mawa, tauni yonse ya Bindura inkadzuka. Ife oboola miyala tinkatsikira pansi tili anyamata, kapitawo akutikalipira m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chija, madzulo n'kutuluka tili mbuu ndi fumbi. Ndikamayandikira kunyumba ndinkamva mayi akwathuwa akuimba pampopi, ndipo pakati pa amayi onse mawu awo sindinkawaphonya. Anali masiku okoma, abale, okoma zedi. Koma makina oboolera aja ankandidya makutu pang'onopang'ono, mpaka zii. Zaka zambirimbiri mkazi wanga ndinkangomuona milomo ikugwedera.

Mwana wathu wa ku Joni atandilembera kuti kuli opaleshoni yoika kachipangizo kothandiza kumva, ndinakana. Akuti adokotala amaboola fupa la kuseri kwa khutu. Kuboola? Kundiuza ineyo? Ine ndikudziwa zimene choboolera chimachita pamwala. Ndinati mutu wangawu ung'aluka pakati. Anzanga a pabawo anawonjezera zawo, akundilongosolera ndi manja: ati amatsegula ubongo, ati nkhalamba siidzuka, ati chitsulocho chimaitana mphezi. Mai Phiri, musawerame, za mphezizo munali momwemo.

Anandigonjetsa ndi mayi akwathuwa. Anatenga dzanja langa, n'kuliika pakhosi pawo, n'kuyamba kuimba. Chimene chinandifika n'kunjenjemera kokha. Ndinalira, ndipo ndinavomera kupita.

Ubongo sanaukhudze, abale. Chipsera chake ndi ichi, kakang'onong'ono. Koma nditatsitsimuka, kunali zii yemwe uja. Ndinati andinamiza, osadziwa kuti bala liyambe lapola, kenako ndiye amayatsa kachipangizoko. Ndipo atayatsa, musaganize kuti ndinadumpha. Aliyense ankamveka ngati ngolo panjanji. Anandiuza kuti mutu uyenera kuphunziranso kumva, ngati mwana. Mayiwa ankandiwerengera Masalimo, ine ndikulondola ndi chala. Zidzukulu zinkaseka kuti sekuru, agogo awo, abwerera kusukulu.

Tsiku lina masana ndili pakhonde kwathu kudera la Aerodrome, ndinamva munthu kumbuyo kwanga akuti, "Bambo, tiyi wanu akuzizira." Ndinacheuka kuti ndione gogo amene walowa pakhomo pathu. Anali mkazi wanga. Ine m'mutu muno ndinasunga mawu a mtsikana, koma mawuwo anali atakalamba ine kulibe. Zinandiwawa, abale, zinandiwawa. Ndinawapempha kuti anenenso. Ananenanso, akuseka, ndipo kusekako ndiye kunali komwe kuja.

Zimene zinandipita sizibwerera. Koma mawu amene awatsalira mayiwa, ndiwamva onse.

Zikomo Ambuye Yesu. Maita basa, Mwari, mwagwira ntchito Mulungu wanga. Tsopano imirirani, mukondwere nane. Imbani mokweza, musandimvere chisoni. Lero ndikukumvani.